Chimene Sindinaike pa Mphasa

Ndikulembera inu ana anga awiri, Tiwonge ndi Chifundo, koma makamaka iwe Tiwonge, amene kwa zaka ziwiri tsopano umandipatsa moni pafoni ngati ukupatsa moni munthu amene mwangokhala naye mpando umodzi m'basi. Umati ndinagulitsa maso a mayi ako. Sindikukana. Ndikungofuna uone njira imene ndinadzera kuti ndikafike pamenepo, ndipo ukaiona uweruze wekha. Za ubwana wanga ku Dedza sindilemba. Munazimva kokwanira, ndipo theka lake ndinkathira mchere.

1995, Rumphi Boma

Ndinafika ku Rumphi pa lole ya feteleza, nditakhala pamwamba pa matumba, ndili ndi maburashi atatu m'thumba la jekete ndi kalata yonena kuti ndalembedwa ntchito yojambula zithunzi zophunzitsira anthu za umoyo. Inali nthawi imene zipani zinali zitangochuluka, ndipo khoma lililonse linkafuna kuyankhula. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Chingerezi changa ndinachitola pa zitini za penti, n'chifukwa chake mpaka lero ndingakuuzeni bwinobwino kuti chinthu chiuma pakatha maola angati ndiponso kuti musachiike pafupi ndi moto, koma mzungu akandifunsa njira ndimangomuloza ndi chala. Zina ndinawerenga m'manyuzipepala okulungira nsomba: nkhani zopanda mutu, zopanda mathero, zonunkha usipa. Mathero ake ndinkapeka ndekha.

Bwana wanga woyamba anali a Namate, munthu wa ku Mulanje, wamfupi, wosaseka pamaso pa antchito. Anandipatsa bolodi lalikulu kuti ndijambulepo mayi akupita ndi mwana ku sikelo. Ndinagwira masiku anayi. Chitenje chinatuluka bwino, manja anatuluka bwino, ngakhale ndolo. A Namate anaima patsogolo pake, manja kumbuyo.

"Mbewe, mayiyu ali moyo?"

"Ali moyo, bwana."

"Nanga akuyang'ana ndani? Ndaima apa, sakundiona. Ndaima uku, sakundionanso. Mayi wotere akauza mnzake kuti tiye ku sikelo, mnzakeyo athawira kwa abusa."

Anati ndisagwirenso burashi mpaka nditakhala kumsika sabata yathunthu ndikuyang'ana anthu m'maso. Inu mukudziwa kuti munthu waulemu sayang'anitsitsa mnzake m'maso, makamaka mlendo amene sanadziwe ngakhale kunena kuti yewo, zikomo wa kuno. Ndinatukwanidwa m'Chitumbuka masiku atatu, mwayi wanga unali woti sindinkamva. Koma ndinaona chimene ndinkaphonya. Diso la munthu wamoyo limakhala ndi kadontho kowala, kochokera kumwamba kapena pakhomo, ndipo ukangokaika ndi nsonga ya burashi nkhope yonse imadzuka. Kuyambira pamenepo kadontho koyerako ndinkakaika pomalizira penipeni, nditasamba m'manja.

Tsiku lachinayi ndinaima nthawi yaitali patsogolo pa mtsikana wogulitsa nyemba za ku Henga. Ndinkaganiza kuti maso athu tonse ndi akuda. Ake dzuwa likawagunda cham'mbali ankafiirira, mkati muli timizere tosongoka topita ku mboni, kakuda ka pakati pa diso kaja, ndipo m'diso lakumanzere, pansi pa mboniyo, munali kachipsera kangati njere ya mawere.

"Mukupenja vichi, adada?" anandifunsa. Ataona kuti ndangoti kukamwa yasa, anatembenuza lilime. "Mukugula nyemba, kapena mwagwetsera chinthu m'maso mwangamu?"

Ndinagula nyemba. Mawa lake ndinagulanso. Mwezi usanathe ndinali ndi nyemba zoti n'kudyetsa sukulu yogonera komweko, ndipo NyaMhango anali atayamba kundiphunzitsa Chitumbuka chimene mumachiseka mpaka lero. Amenewo ndiwo mayi anu. Abale anga a ku Dedza atamva kuti kuno ndikufunika kupereka ng'ombe kuti ndikwatire, anandilembera kalata yofunsa ngati kumpoto kuno kulibe chipatala cha mitu.

2002, Mwazisi

Ananditumiza ku Mwazisi chifukwa cha kaodzera, matenda obwera ndi kashembe, ntchentche yoluma ya m'nkhalango ya Vwaza. Ntchito yanga inali kujambula pa makoma a sukulu ndi a magolosale mmene matendawa amayambira. Penti amene ndinapita naye anatha pa miyezi iwiri. Nditalemba kalata ku Boma, ananditumizira zimene zinapezeka m'sitolo: zitini za buluu ndi zakuda basi. Ndinajambula banja lonse labuluu, bambo wabuluu akusinza pampando, mayi wabuluu atagwira tsaya, mwana wabuluu akulira. Mlimi wina wa fodya anatsika panjinga, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa mwaulemu wonse kuti, "Adada, kasi munthu amayamba ndi kusinza, kapena amayamba wasanduka kaye buluu?" Penti woyera kunalibe ngakhale wodontheza. Kadontho ka m'maso ndinkaika ndi mankhwala otsukira mano, ndipo mvula yoyamba ikagwa anthu anga onse a pakhoma ankafa tsiku limodzi.

Mayi anu sanapite nane. Alamu anga, a Mhango aakulu, anali atatipatsa malo ku Henga, ndipo munda sukanasiyidwa. Ndinkapalasa njinga kamodzi pamwezi. Iwe Tiwonge unali ndi zaka zisanu, ndipo ndikafika unkabisala kuseri kwa mayi ako n'kumafunsa monong'ona kuti, "Amama, mlendoyu agona konkuno?" Chifundo anabadwa ndili pamakwerero, ndikujambula phiko la kashembe, uthenga unandipeza atatha kale masiku atatu. Ndikulemba izi, Tiwonge, kuti udziwe kuti ndikudziwa: nkhope ya mayi ako iwe unaiyang'ana masiku ambiri kuposa ine.

2009, Mlowe

Ku Mlowe vuto linali kolera. Ndikukhulupirira kuti m'boma lonse la Rumphi palibe munthu amene anajambula zimbudzi zambiri kuposa ine, ndipo ulemu umenewu palibe amene akundilimbirana nawo. Bwana wa kumeneko ankandiiwala miyezi, ndiye nthawi yambiri ndinkakhala pa matandala oyanikira usipa, ndikumvera amayi ogula nsomba akukangana ndi asodzi. Amayi amenewo ndiwo anandipatsa phunziro lachiwiri. Nsomba yaikulu sankayamba ndi kuinunkhiza kapena kuikanikiza. Ankaiyang'ana diso. Ya lero diso lake umaona mpaka pansi. Ya dzulo limayamba kuchita chifunga. Ndinagula nsomba imodzi, ndinaiika pa mbale, ndinakhala nayo tsiku lonse ndikuona diso likusintha, mpaka mwini nyumba imene ndinkakhala anaitana mkazi wake kuti adzaone Mchewa akulira maliro a nsomba. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti diso si mbale yopaka penti. Lili ngati chitsime: mtundu wake uli pansi, pamwamba pali madzi.

2016

Ndinabwerera pa Boma n'kupeza kuti zithunzi zayamba kubwera kuchokera ku Mzuzu, zosindikizidwa pa nsalu zonyezimira, zokulungidwa ngati mkeka. Bwana watsopano, wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri, sanali woipa mtima. "Madala," anati, "izi zimafika zitauma kale." Anandipatsa makiyi a sitolo, ndipo kwa zaka ziwiri ntchito yanga inali kusunga zithunzi za ena kuti makoswe asazidye. Nditapuma anandipatsa wotchi yapakhoma. Ndinakwera nayo basi ya ku Henga nditaifungatira ngati khanda, ndikuganiza kuti nkhani ya ine ndi maso yathera pomwepo.

2019, chipinda cha Wezi

Wezi ndi mwana wa mkulu wina wa mpingo wathu, mayi wa ana awiri, amene anaphunzira za makompyuta ku Mzuzu n'kubwerera kwawo. Kuseri kwa golosale ina pa Boma anali ndi chipinda, makompyuta atatu ndi sola padenga. Loweruka lina anatipeza pakhonde tikusankha nyemba, ndipo moni utatha anayamba kufotokoza zinthu zimene ndinaganiza kuti mwina dzuwa lamuwotcha m'njira. Anati kunja kuno kuli anthu amene amakhala theka la moyo wawo m'maiko a m'kompyuta. Munthu amadzipangira chidole chomuimira, amachitcha avata, n'kumayenda nacho, kucheza ndi anzake, kuvina, ena mpaka kumanga nyumba. Chidolecho amachigulira tsitsi, nsapato, khungu, ndiponso maso.

"Maso amagulitsidwa paokha?" ndinafunsa.

"Paokha, adada. Abuluu ndi obiriwira alipo mitundumitundu, okongola chomene. Koma athu ofiirirawa onse ali ngati zitsekerero za mabotolo. Ine ndinakula ndikuopa mayi uja munajambula ku sikelo, chifukwa kulikonse kumene ndinkaima ankandiona. Dzanja limenelo ndi limene ndabwerera."

Mayi anu, amene ankanditcha awiske Tiwonge, ndiko kuti bambo a Tiwonge, anaseka mpaka nyemba zinatayika. "Pitani, awiske Tiwonge. Pakhomo pano khola la nkhuku mwalipenta kale kawiri. Chatsala ndi nkhuku zimene."

Wezi anandipatsa kabolodi kakuda kolembapo ndi cholembera chopanda inki. Dzanja limayenda pansi, chithunzi chimatuluka pa galasi la kompyuta. Sabata yoyamba zonse zimene ndinajambula zinali ngati mazira oswekera m'thumba. Diso la chidole silijambulidwa ndi zikope kapena nsidze. Umajambula bwalo lathyathyathya: mboni pakati, kenako bwalo la mtundu ndi timizere take, kunja choyera ndi timitsempha tofiira, ndipo makina ndi amene amalikulunga kuti likhale ngati mpira. Patatha mwezi ndinamaliza diso langa loyamba. Ndinapita kukasamba m'manja, ndinabwerera, n'kuikapo kadontho kanga koyera. Wezi analiveka chidole n'kuyamba kuchitembenuza mutu. Chikayang'ana kumanja, kadontho kankapita nacho. Anachilowetsa m'chipinda chamdima cha m'kompyutamo, kadontho kanali pompo, kuwala kokha ngati diso la fisi.

"Adada, kadonthoka kachoke."

"Mwana wanga, ukachotsa kameneko wapha munthu."

"Kumeneko kuli dzuwa lawolawo. Limatuluka, limalowa, nyali zimayaka. Kuwala amaika ndi makina. Inu mujambule diso lokha, lisanaone kuwala kulikonse."

Ndinanyanyala masiku awiri. Zaka makumi awiri ndi zinayi ndinkadziwa chinthu chimodzi chokha, ndipo ankandiuza kuti chimenecho ndiye cholakwika. Tsiku lachitatu ndinakafufuta. Pa galasi diso linangoti phwii, ngati la nsomba ya dzulo. Koma Wezi ataliveka chidole n'kuchitembenuzira ku zenera la m'dziko lakelo, kuwala kunalowa kokha, kunayenda pamwamba pa diso ngati pamadzi, ndipo chidolecho chinandiyang'ana. Ndinavula chipewa.

Wezi anali ndi lamulo limodzi. Anthu amene ankalola kuti ndiwayang'ane m'maso, a kabaza, amayi a mumsika, alonda, sitinkatenga diso la mmodzi lathunthu. Mtundu wa uyu, timizere ta uja, timitsempha ta wina. "Munthu asadzakumane ndi diso lake pankhope ya wina," ankatero. Lamulo limeneli ndinalisunga zaka ziwiri.

2021, Henga

Shuga ya mayi anu inali itayamba kudya maso. Poyamba ankaphonya bowo la singano, kenako ankandifunsa kuti wabwera pachipata ndi ndani. M'mawa wina wa mwezi wa Okutobala atakhala pakhonde, dzuwa likuwagunda cham'mbali, anati: "Mwajambula maso a Rumphi yense. Anga mukuwaopa?"

Ndinawauza za lamulo la Wezi.

"Wezi ndinamubereka kumsana ali wakhanda. Lamulo lake likagwire a kabaza. Maso awa akutha, awiske Tiwonge, ndikuwamva. Ndawathera posankha nyemba. Kutali kumene ndafika ndi ku Blantyre, tsiku limene Tiwonge ankamaliza maphunziro a unamwino, ndipo njira yonse ndinagona. Muwajambule, muwatumize uko, akaone zimene ine sindinaone."

"Ndi kachipsera komwe?"

"Mukachotsa kachipsera ndiye kuti mwajambula mkazi wina, ndipo mundiuze dzina lake."

Ndinabwereka kompyuta yaing'ono ya Wezi. Masabata atatu, m'mawa uliwonse dzuwa lisanakwere, mayi anu ankakhala pa mpando wandalema, ine pa ndowa yovundikira, maondo athu akugundana. Pa zaka zonse za ukwati wathu sindinawayang'anepo nthawi yaitali choncho. Ndinapeza zinthu zimene sindinkazidziwa: mkombero wotuwa umene ukalamba unazunguliza kunja, kamtsempha kopindika ngati mbedza, ndi mtundu uja, umene sunali umodzi koma itatu yosanjikizana. Iwo ankandilamula kuti ndifulumire chifukwa nkhuku sizinadye. Nditamaliza anayandikiza mphuno pa galasi, anayang'ana, anayang'ananso.

"Mwandijambula ngati ndafa kale."

Ndinawafotokozera za dzuwa la kumeneko.

"Chabwino," anatero. "Kuwalako akandipatse komweko."

Panalibe munthu wina pakhondepo. Mawu amenewa ndinawamva ndekha, ndipo ndikudziwa kuti umboni wa munthu mmodzi ndi wopepuka. Chithunzicho ndinachisunga m'makina a Wezi, koma sindinalole kuti achiike pamsika wake. Mtima unkandikaniza mwini maso akadali pakhonde.

2022

Mayi anu anatisiya mu Febuluwale, mvula ili pakati. Iwe Tiwonge basi yako inafera m'njira, ndipo unafika bokosi litakhomedwa kale. Unapempha kuti alitsegule, akuluakulu anakana chifukwa mvula inali itayandikira ndipo manda anali akudzaza madzi. Ndinakuona utaima pambali.

Mwambo wa kwa amayi anu mukuudziwa. Munthu akamwalira, palibe chake chimene chimatuluka m'nyumba mpaka tsiku lometa, pamene abale amakhala pansi, katundu yense n'kuyalidwa pa mphasa kuti aliyense aone, ndipo akuluakulu n'kunena chopita kwa uyu ndi chopita kwa uja. Patatha masiku anayi chiikireni maliro, tsiku lometa lisanafike, ndinazemba pakhomo n'kukwera njinga kupita pa Boma. Ndinauza Wezi kuti aike maso aja pamsika.

"Adada, dikirani mwambo uthe," anatero. "Muuzeko a Mhango. Muuzeko ana. Chinthu chikapita uko sichibwerera."

"Mwini wake ananena kale."

"Enya, koma ananena kwa inu nokha."

Ndinaumirira mpaka anagonja. Kwa nthawi yaitali ndinkadziuza kuti ndinafulumira chifukwa cha chisoni, kuti nyumba inkandipanikiza. Pano ndikulemba zoona. Ndinafulumira chifukwa ndinkadziwa kuti ndikafunsa mukana.

Tsiku lometa tinayala zonse: zitenje, nsapato ziwiri, Baibulo la Chitumbuka lothothoka chikuto, bulauzi yoyera ya amayi a mpingo, lichero, magalasi amene sanawathandize. A Mhango anayang'ana pamphasapo, kenako anayang'ana ine. "Mlamu, palibe chatsala?" Ndinati palibe. Pamene ndinkayankha ndinkadzinamiza kuti chithunzi si katundu, kuti ndi ntchito ya manja anga. Koma ndinkayang'ana lichero.

Mu Juni, Chifundo anaona pafoni kakanema kamene Wezi anaika kotsatsa ntchito yathu. Iwe Chifundo unalibe cholinga choipa, unangofuna kunyadira bambo ako, n'kutumizira mlongo wako. Pasanathe masiku atatu Tiwonge anali pakhomo, chikwama chili m'manja, osalowa m'nyumba. Anandiikira foni pamphuno. Munali chidole cha tsitsi lobiriwira, makutu a mphaka, chovala tinsalu tosakwana kupukutira mbale, chikuvina. Chitayandikiza nkhope, pansi pa mboni yakumanzere panali kanjere ka mawere.

"Adada, awa ndi ndani?"

Ndinayamba kufotokoza za pakhonde, za Okutobala, za mawu a mayi ake.

"Ine amama sindinawaone m'bokosi," anandidula. "Munakana kutsegula. Ndadzawaona lero, pankhope ya mphaka, akuvina ali mbulanda. Ndipo inu munakhala pa mphasa paja n'kunena kuti palibe chatsala."

A Mhango anaitanidwa. Anayankhula Chichewa kuti ndisaphonye liwu ngakhale limodzi. "Mlamu, takhala nanu bwino zaka zonsezi. Malo tinakupatsani, manda a mlongo wathu ali apo mukuwaona. Ng'ombe zija munapereka zinali zoti mukhale naye, osati mumugawe kwa anthu a maiko. Ngati iye ananena, bwanji simunabwere nazo pa mphasa kuti tonse timve?" 

Tiwonge ananena chimene ankafuna. Maso achotsedwe pamsika, ndipo chithunzi chenichenicho chifufutidwe m'makina a Wezi, pasatsale kanthu. Wezi, amene anabwera yekha kudzapepesa ngakhale kulakwa kunali kwanga, ananena mosabisa kuti pamsika angachotse tsiku lomwelo, koma amene anagula kale sangawalande. Za chithunzicho anati, "Chimenecho n'cha adada. Ine sindichikhudza."

Ndinapempha masiku awiri. Ndinayenda m'munda uja wa nyemba, umene chaka chimenecho palibe anaupalira. Mukudziwa kuti ine, amene ndinajambula nkhope za anthu pa makoma a boma lonse, nkhope ya mayi anu sindinaijambulepo. Ndinkati ndidzajambula ndikapuma. Nditapuma ndinkati ndidzajambula mawa. Zithunzi za pafoni zimene tili nazo, maso awo ndi timadontho tiwiri takuda. Chimene chinali m'makina a Wezi chinali chokhacho chosonyeza mmene analili munthu ukawayandikira. Ndiponso anandituma ndi pakamwa pawo, akudziwa chimene akunena. Kufufuta kunali kuwakana. Kusafufuta kunali kuuza mwana wanga kuti ululu wake ndi wochepa kuposa ntchito ya manja anga. M'mawa wachiwiri ndinaona kuti mayi anu sangandifunsenso kanthu, koma iwe Tiwonge ungathe kuchoka osabweranso. Ndinasankha wamoyo.

Tinapita pa Boma tonse awiri, iwe kutsogolo, ine kumbuyo. Wezi anatsegula chithunzicho n'kutuluka panja. Maso awiri aja anadzaza galasi lonse, aakulu ngati mbale, opanda zikope, opanda kuwala. Unakhala pampando n'kuwayang'ana nthawi yaitali, mwina theka la ola. Sunalire. Unatambasula chala n'kukhudza pa kachipsera, galasi linatsala ndi chidindo cha chala chako. Ndinaganiza kuti mwina usintha maganizo, ndipo ndikuvomera kuti ndinapemphera kuti usinthe.

"Mufufute nokha," unatero. "Munatumiza nokha."

Makina anafunsa kawiri ngati ndatsimikiza. Kawiri konse ndinavomera. Kenako ndinaika cholembera chija pa tebulo la Wezi, ndipo sindinachigwirenso. Pa depoti unati, "Yewo, adada," n'kukwera basi osacheuka.

2024

Kwinakwake, m'maiko amene sindidzafikako, kuli anthu amene akuyendabe ndi maso a mayi anu. Sindikudziwa kuti ndi angati kapena akuwaonetsa zotani. Masiku ena zimandichititsa manyazi. Masiku ena ndimaganiza kuti mwina mmodzi mwa iwo anaima pamwamba pa phiri la kumeneko dzuwa likutuluka, ndipo NyaMhango anapeza chimene ankafuna. Sindikukupempha kuti uganize ngati ine.

Ndinkaganiza kuti chimene ndinafufuta m'makina chidzatsala m'mutu. Timizere ndikutikumbukira, kamtsempha kopindika ndikukakumbukira. Koma mtundu ukundithawa. Sabata yatha ndinagula tizitini titatu ta penti, ndinakhala pakhonde m'mawa n'kuyamba kusakaniza pa chidutswa cha lata. Choyamba chinatuluka ngati dothi la katondo. Chachiwiri ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinasakaniza mpaka penti anauma, ndipo palibe chimene chinali iwo. Ndinafunsa Chifundo pafoni, anati, "Anali abulauni, adada." A Mhango anati anali akuda ngati a anthu onse.

Watsala ndiwe, Tiwonge. Unawayang'ana uli pamsana, uli pa mwendo, ukudwala, ukukalipiridwa, zaka zonse zimene ine ndinali pamakwerero ku Mwazisi ndi ku Mlowe. Sindikufuna kujambula kanthu, ndipo sinditumiza kanthu kulikonse. Penti ndamutseka bwino kuti asaume. Ukapeza tchuthi ubwere, ukhale pambali panga, ine ndizisakaniza, iwe uzindiuza kuti onjezerani kufiira, chepetsani kuda, mpaka pamene udzanene kuti basi, adada, ndi amenewo.